Makhadi a m'Chitini cha Mayi Nilofar

Vailet Chikaonda anali atagwira ntchito ya keya kwa zaka zitatu pa nyumba ina yosamalira okalamba chakufupi ndi Evington Road, ndipo ankaona ngati palibenso chachilendo chimene chingatuluke m'katundu wa nkhalamba. Anapezapo mano oikirira m'paketi ya shuga. Anapezapo phulusa la galu m'botolo, dzina la galuyo litamatidwa pachivindikiro. Kwawo kunali ku Ntcheu, kuno ku Leicester ankachita lendi chipinda chapamwamba ku Highfields, ndipo kumpingo wa Amalawi umene unkasonkhana mu holo ina ya sukulu anali mayi wa Mvano wodalirika, woyambitsa nyimbo.

Lolemba lina mu Ogasiti, m'chipinda nambala 9 munabwera mayi watsopano. Pafayilo panalembedwa kuti dzina lawo ndi Nilofar, zaka 79, anadwala sitiroko, dzanja lamanja ndi lofooka koma mutu uli bwinobwino. Mwana wawo, Faisal, anawakhazika pampando wa pawindo n'kutsikira ku ofesi kukasaina mapepala. Vailet anatsala akulongedza zovala m'kabati. Pansi pa sutikesi panali chitini chakale cha mabisiketi. Pochinyamula kuti achiike pashelefu, chivindikiro chinatsetsereka, m'katimo munagwa kamtolo ka nsalu yakuda, kamtoloko n'kumasuka, makhadi n'kungoti mbwee pakapeti ponse.

Sanali makhadi a njuga amene Vailet ankawadziwa. Anali ataliatali, okhuthala, a zithunzi zofiira, zachikasu ndi zabuluu. Pafupi ndi phazi lake panali khadi la munthu wamafupa okhaokha atagwira chikwakwa, mitu ya anthu ili pansi. Pambali pake panali lina la nsanja itawombedwa ndi mphezi, anthu awiri akugwa chadodolido. Lachitatu linali la chinthu chanyanga ndi mapiko a mleme.

"Ambuye Yesu," anatero Vailet chapansipansi, akubwerera m'mbuyo.

"Usaponde, mwana iwe. Amenewo ndi aakulu kwa iwe."

Mawuwo anali a m'Chichewa, Chichewa chenicheni cha ku Blantyre. Vailet anayang'ana kukhomo, kunalibe munthu. Anayang'ana pampando, mayi wachimwenye uja ankamuyang'ana akumwetulira mbali imodzi ya pakamwa. Vailet ankadziwa bwino lomwe kuti ku Highfields kuli amwenye ambiri obadwira ku Malawi, ndipo ufa ankagula m'shopu ya mmodzi mwa iwo. Koma pa nthawi imeneyo zonsezo zinamuuluka m'mutu. Chimene anaganiza n'chakuti makhadi aja ayankhulitsa gogoyo chiyankhulo cha kwawo kuti amukope. Anatuluka m'chipindamo osatseka n'chitseko chomwe.

M'kachipinda kopumira anapezamo Chrissie, mnzake wa ntchito yemwenso ankapemphera naye, akutenthetsa mpunga.

"Amwali, mu naini muli zinthu," anatero Vailet, n'kufotokoza zonse.

"Ndi taroti imeneyo," anatero Chrissie. "Ndinaonapo pa foni. Ndi maula a azungu. Osakhudza, ukangokhudza basi walowa."

"Ndiye tiswape. Iwe utenge naini, ine nditenga agogo aja olavula mankhwala."

"Ine? Ndili ndi ana aang'ono ine."

Manijala naye anakana kusintha rota, ndandanda wa ntchito. Anati Chrissie amagwira masiku ochepa, ndiye wotha kucheza tsiku lililonse ndi Mayi Nilofar m'chiyankhulo chimene amachikonda ndi Vailet yekha, ndipo banja lawo lasangalala kwambiri litamva kuti pali Mmalawi. Choncho tsiku lomwelo madzulo Vailet anabwereranso mu naini. Makhadi anali akadali pansi, chifukwa mwiniwake sakanatha kuwerama. Vailet anavala magolovesi, n'kuvalanso ena pamwamba pake, anamanga epuloni, n'kuyamba kutola limodzilimodzi akuimba nyimbo ya Mvano cham'mimba.

Mayi Nilofar anaseka mpaka kutsokomola.

"Magolovesi awiri. Ngakhale apongozi anga sanafike pamenepo. Iwo anangogwiritsa chopanira makala."

"Mayi, Chichewa munachidziwira kuti?"

"Ndinabadwira ku Limbe, kuseri kwa shopu ya nsalu ya bambo anga. Ndinabwera kuno mu 1976, ndili ndi zaka makumi atatu. Iwe wa kuti?"

"Ku Ntcheu, kwa Ganya."

"Mngoni wamantha chonchi? Werenga bwino, akhale 78. Likasowa limodzi ndikuuza manijala kuti waba."

Anakwana 78. Vailet anawakulunga m'nsalu ija, n'kukasamba m'manja mpaka m'zigongono.

Masabata otsatira anazolowerana. Mayi Nilofar ankafunsa za Limbe, ngati msika udakali pomwe paja, ngati sitima imadutsabe. Vailet ankawasambitsa, kuwapesa tsitsi, kuwakhazika moyang'ana koyenera ikakwana nthawi yawo ya swala, pemphero la Chisilamu. Chitini chinkakhala patebulo, iye n'kumachizungulira patali ngati mbaula. Koma wa mafizo, dokotala wolimbitsa ziwalo, atabwera anati zala za dzanja lofooka lija zikufunika ntchito yaing'onoing'ono tsiku lililonse, monga kutola mabatani kapena kutembenuza makhadi. Mayi Nilofar anati mabatani anatola okwanira pa moyo wawo. Zinalembedwa m'fayilo: mphindi khumi ndi zisanu za makhadi m'mawa uliwonse, wa keya azisakaniza ndi kuyala, wodwala azitembenuza.

Tsiku loyamba Vailet anasakaniza atavala magolovesi, makhadi n'kumaterereka.

"Ndiuze chimene ukuona apa," anatero Mayi Nilofar atatembenuza limodzi movutikira.

Vailet anayang'ana ndi diso limodzi. Mngelo anali m'mitambo akuliza lipenga, pansi anthu akutuluka m'manda.

"Ili ndi lipenga lomaliza," anatero modabwa. "Tsiku la chiweruzo."

"Nanga apa?"

"Awa ngati Papa."

"Ndi Papa amene. Apa pali mayi wa sikelo ndi lupanga, ameneyo ndi Chilungamo. Uyu akutsegula pakamwa pa mkango ndi Kulimba Mtima. Anajambula zimenezi ndi Akhristu anzako, mwana wanga, kumpoto kwa Italy, zaka pafupifupi mazana asanu ndi limodzi zapitazo. Zithunzi zomwezi zinali pamakoma a matchalitchi awo, Imfa ndi Mdyerekezi omwe. Anaziika pamakhadi kuti azisewera akatha kudya."

"Kusewera basi?"

"Kusewera basi. Makhadi wambawa, a zikho, makobidi, malupanga ndi ndodo, anafika kwa iwo kuchokera ku Iguputo, kwa Asilamu anzanga. Iwo anangowonjezerapo akuluakulu makumi awiri ndi mmodzi, ndi Chitsiru ichi choyenda ndi kamtolo paphewa, galu akuchikoka buluku. Kwa zaka zoposa mazana atatu anthu ankangodyerana nawo patebulo ngati bawo."

"Nanga zoombezazo zinachokera kuti?"

Mayi Nilofar anayamba apuma, chifukwa kuyankhula nthawi yaitali kunkawatopetsa. Vailet anawamwetsa madzi.

"Ku France kunali bambo wina wophunzira kwambiri, m'busa. Anapita kukacheza kunyumba ina, napeza amayi akusewera. Atangoyang'ana zithunzizo anati, ili ndi buku lachinsinsi la ansembe akale a ku Iguputo. Umboni analibe, ndipo nthawi imeneyo panalibe ndi mmodzi yemwe wotha kuwerenga zolemba za Aiguputo kuti amutsutse. Anthu anaikonda nkhaniyo kuposa zoona zake. Ena anabwera n'kunena kuti akuluakulu ndi Chitsiru akwana 22, zilembo za Chiheberi nazo ndi 22, ndiye pali kanthu. Kenako ku London kunabuka timagulu tachinsinsi ta anthu olemera, ovala mikanjo, okhala ndi maguwa awoawo. Iwo anati chikho ndi madzi, ndodo ndi moto, lupanga ndi mpweya, khobidi ndi nthaka. Wolowa kumene m'gulu ankaphunzitsidwa zimenezi mwachinsinsi, n'kujambula makhadi akeake ndi manja."

"Ndiye ndi za Sataniki ndithu."

"Kwa amene anazifuna kuti zikhale zamizimu, zinakhala zamizimu. Ine sindikubisira. Inenso ndinaombezapo nawo."

Nkhani imeneyo anaifotokoza m'mawa wotsatira. Atafika kumene ku Leicester analowa ntchito m'fakitale ya masokosi. Pamakina oyandikana nawo panali mayi wina wa ku Italy, Assunta, wa kumidzi ya kufupi ndi Turin. Lachisanu lililonse pa nthawi ya nkhomaliro Assunta ankayala nsalu yakuda pabokosi, kuyatsa kandulo, atsikana a m'fakitale n'kuzungulira. Wofunsa ankagogoda pamakhadi katatu, n'kudula ndi dzanja lamanzere, la kumtima. Ankafunsa za amuna, za mimba, za ngati fakitale itsekedwe. Nilofar anali wosungulumwa, wozizidwa, wosowa womuseketsa, ndiye anaphunzira msanga. Assunta anamupatsa makhadi akale a amayi ake.

"Apongozi anga atawapeza anawatenga ndi chopanira n'kukaponya mu bini. Ndinakawatola m'mamawa galimoto ya zinyalala isanabwere. Kuyambira pamenepo anakhala m'chitini, pansi pa ulusi ndi mabatani."

"Ndiye munasiya liti?"

"Kunali mtsikana wina wa ku Belgrave, anali pa chitomero. Anandipempha kuti ndimuonere. Kunatuluka nsanja ija yowombedwa ndi mphezi. Ndinamuuza zimene ndinaphunzitsidwa, kuti nyumba yomangidwa molakwika imagwa. Lolemba anabwera atathetsa ukwati, akuuza aliyense kuti Nilofar ndiye wanena. Mwina mnyamatayo anali woipadi, sindikudziwa mpaka lero. Koma ndinaona kuti mtsikanayo maganizo anali nawo kale, ankangofuna munthu womusenzetsa. Sindinafunenso kusenza za anthu."

Anati mwamuna wa Assunta ndi amene anawatsegula m'maso. Tsiku lina atapita kukacheza kwawo, bamboyo anawapeza akuyatsa kandulo, anaseka, n'kunena kuti kumudzi kwawo makhadi amenewa amuna amamenyetsa patebulo la m'bala akutukwanizana. Anawaphunzitsa masewerawo tsiku lomwelo. Atatuwo anasewera Loweruka lililonse kwa zaka makumi atatu, Nilofar atauza a kunyumba kuti akukaphunzira kuluka. Mbiri yonse ija anaiwerenga yekha mu laibulale ya mu tauni atapuma ntchito.

"Onse awiri anatsogola. Masewerawa amafuna atatu. Ndakhala zaka khumi ndi chimodzi osagawa."

Tsiku limenelo Vailet anasakaniza ndi golovesi imodzi yokha pa dzanja lililonse, ndipo sabata yotsatira anaiwala kuvala n'komwe. Anali atakulira pakati pa alongo anayi amene ankasewera makhadi kuseri kwa khola la ng'ombe, ndipo zala zake zinakumbukira zokha. Mayi Nilofar anamuphunzitsa malamulo makhadi ali poyera patebulo. Wina akaponya chikho, nawe uponye chikho. Ukasowa, uponye wamkulu, ndipo wamkulu amadya zonse zazing'ono. Pakati pa akuluakulu nambala yaikulu imadya yaing'ono, koma kwawo kwa Assunta Mngelo wa lipenga uja ndiye ankaposa onse. Chitsiru sichidya, sichidyedwa, umachiponya pamene wafuna kuzemba, n'kubwerera nacho.

Chakumapeto kwa Seputembala mtima wa Vailet sunali m'malo. Mwana wake Atuweni, amene anatsala ndi azakhali ake ku Zomba, anali atalemba mayeso a Fomu 4, ndipo tsiku lililonse kunkamveka mphekesera zakuti zotsatira zituluka mawa. M'mawa wina, atatha kusakaniza, Vailet anagwirabe makhadiwo osawayala.

"Mayi, kodi mutati mungoyang'anako pang'ono. Osati kuombeza ayi. Kungoyang'ana."

Mayi Nilofar analoza nsalu yakuda ija.

"Chabwino. Ndikuonetsa mmene tinkachitira, uone wekha. Yala nsalu."

Moto sunkaloledwa m'zipinda, ndiye Vailet anakatenga kandulo ya mabatire imene inkakongoletsa tebulo la m'chipinda chodyera. Anagogoda katatu, n'kudula ndi dzanja lamanzere. Mayi Nilofar anatembenuza khadi lapamwamba. Anali wamafupa uja ndi chikwakwa chake.

Vailet anakhala pansi pabedi.

"Taona tsono," anatero Mayi Nilofar. "Assunta akanakuuza kuti usaope, khadi ili silinena za maliro, limanena za chinthu chimene chatha kuti china chiyambe, sukulu yatha, moyo wina ukubwera. Wina akanakuuza zoopsa kuti ubwerenso mawa. Mwamuna wa Assunta akanakuuza kuti ili ndi nambala 13, pointi yake ndi imodzi, khadi losauka. Sankha amene ukufuna. Koma tatembenuza lina, fufuza nambala 14."

Vailet anafufuza, n'kulipeza. Anali mayi wamapiko, akuthira madzi kuchoka mu jagi ina kupita mu inzake.

"Ameneyu ndi Kudziletsa. Pamasewera amadya Imfa nthawi zonse. Ine ndikamuona ndimati ndi wa keya, wondikakamiza madzi kasanu ndi katatu patsiku. Tsono tenga foni, umuimbire mwanayo. Nayenso ali ndi mantha, ndipo alibe gogo womuseka."

Vailet anaseka misozi ili m'maso. Sanaone kuti chitseko chinali chosatsekeka bwino, ndipo Chrissie, podutsa ndi ngolo ya tiyi, anali ataona nsalu yakuda, kandulo, ndi mnzake akugogoda pamakhadi.

Zotsatira zinatuluka patapita masiku asanu ndi anayi. Atuweni anakhoza ndi mapointi 19. Vailet anagula samusa m'shopu ya pakona n'kugawira ogwira ntchito onse. Chrissie anadya ziwiri, kenako anamukokera pambali.

"Amwali, ndikuuze ndekha usamve kwa ena. Ndinakalipota kwa a Chisale. Sindinachite mwa nkhanza, ndimakukonda. Koma ndinaona ndi maso angawa, ndipo tsopano mwana wakhoza."

"Wakhoza chifukwa ankawerenga mpaka maso kufiira."

"Ukawauze iwowo."

A Bennet Chisale anali mkulu wa mpingo, bambo wofatsa wa zaka za m'ma sikisite, woyendetsa basi. Sankakonda kuweruza nkhani asanaione. Anamuimbira Vailet n'kupempha kuti adzaone mayiwo ndi zinthu zawozo Loweruka masana. Mayi Nilofar atamva anati abwere, ndipo auzenso Faisal, chifukwa naye wakhala akung'ung'udza za chitinicho kuyambira tsiku losamuka.

Loweruka shifiti ya Vailet inatha thuu koloko. Anavula yunifomu n'kukwera mu naini ngati mlendo. A Chisale anafika atavala suti yotuwa, Baibulo lili m'khwapa. Faisal, bambo wa ndevu zaimvi wogwira ntchito mu famase, anali atafika kale. Iye anabadwira ku Leicester, Chichewa ankamva koma ankayankha m'Chingerezi. Amuna awiriwo anapatsana moni, ndipo pasanathe mphindi zisanu anapeza kuti abwerera chinthu chimodzi. Faisal anati ku mzikiti kuombeza n'koletsedwa kotheratu. A Chisale anatsegula pa Deuteronomo n'kuwerenga ndime yonena zomwezo. Anagwedezerana mitu ngati anthu odziwana kalekale.

"Vailet, mwana wanga," anatero a Chisale, "zimene anaona Chrissie n'zoona?"

"N'zoona, bambo. Ndinapempha ndine. Ndinalakwa, mantha anandigwira. Koma zimene ndinapatsidwa si ula ayi, ndinauzidwa kuti ndiimbire mwana foni."

Mayi Nilofar anawafotokozera zonse zimene anafotokozera Vailet, akuyala makhadi patebulo limodzilimodzi ndi dzanja lofooka lija. A Chisale anavala magalasi n'kuwerama, manja atawabisa kumbuyo. Pa Mngelo anakhalitsa. Atamva kuti amene anayambitsa nkhani ya Iguputo anali m'busa, anatsokomola n'kufunsa kuti wa mpingo uti.

"Osati wa Katolika," anatero Mayi Nilofar. "Wa mbali yanu yomweyo."

"Zimachitika," anatero a Chisale.

"Tsono amuna inu mwagwirizana kuti kufunsa makhadi za mawa n'kulakwa. Inenso ndinagwirizana nanu kalekale, Faisal asanayambe sukulu. Tsiku lija ndinachita kuti mwanayu aone kuti mulibe kanthu. Koma musanandilande chitini, muone ntchito imene anapangidwira. Kamodzi kokha, popanda ndalama. Faisal, khala apo."

Faisal anayamba kunena kuti sakuona ngati n'koyenera. Amayi ake anamuuza kuti ukwati wake unakonzedwa ndi maswiti amene anapanga Assunta, ndipo juzi zonse zimene ankavala ali mwana, zimene ankati analuka ku kalasi ya Loweruka, zinali zogula pamsika. Faisal anakhala pansi.

"Ine ndingoonerera," anatero a Chisale.

Vailet anagawa, makhadi 25 aliyense, atatu otsala n'kukhala a wogawa. Mayi Nilofar anayesa kunyamula awo, koma dzanja linakana, makhadi n'kugwera pamiyendo. Anayesanso, n'kugwanso. Anayang'ana kwa a Chisale.

"Bambo, simusewera ayi. Mungondigwirira. Kuthandiza wodwala buku lanu sililetsa."

A Chisale anaganiza pang'ono. Anaika Baibulo pawindo, n'kukokera mpando pafupi, n'kutambasula makhadiwo ngati chikupizo, atawagwira ndi nsonga za zala. Mayi Nilofar ankaloza, iwo n'kumaponya.

Ulendo woyamba unali wophunzitsa Faisal, amene ankaiwala kuti ayenera kutsatira mtundu umene waponyedwa. Pa ulendo wachiwiri a Chisale anali atasanja makhadi mwa mitundu yake osauzidwa. Pa ulendo wachitatu, Mayi Nilofar ataloza mfumu ya malupanga, iwo sanaponye.

"Mayi, imeneyi idyedwa. Mtsikanayu malupanga anamuthera, ndinaona."

"Mwati simukusewera."

"Sindikusewera. Ndikungonena."

Anaponya khadi laling'ono, ndipo Vailet anadyadi ndi wamkulu, akuyang'ana mkulu wa mpingo mokwiya pang'ono. Chakumapeto aliyense anatsala ndi makhadi awiri. Faisal, amene tsopano anali atavula jekete, anaponya Mdyerekezi, wa nambala 15, monyadira, poganiza kuti akuluakulu onse oposa 15 anatuluka kale. Vailet anazemba ndi Chitsiru. Mayi Nilofar asanakweze n'chala chomwe, a Chisale anasolola Mngelo n'kumumenyetsa patebulo mwamphamvu mpaka kapu ya madzi inadumpha.

"Gona pamenepo," anatero.

 Mayi Nilofar anayamba kuseka, Faisal n'kutsatira, ndipo a Chisale anakonza tayi yawo n'kunena kuti m'Malemba zimathanso choncho. Chrissie, amene anali pa shifiti ndipo anali atadutsa pakhomopo kanayi konse ndi thawulo lomwelomwelo, anapukusa mutu n'kupitirira.

Asanachoke, a Chisale anapereka chigamulo chawo ataimirira. Nsalu yakuda ndi kandulo zichoke. Pasakhale kufunsa mafunso, pasakhale ndalama. Vailet akaonane ndi amayi a Mvano n'kuwafotokozera yekha zimene anachita tsiku lija. Faisal anatenga nsaluyo n'kuiika m'thumba, ndipo amayi ake anamuuza kuti abweretse ina yoti azikulungira makhadi, ya mtundu uliwonse umene mzikiti ungalole. Anabweretsa kachitenje kobiriwira.

Amayi a Mvano anamudzudzula Vailet monga mwa mwambo, anamupempherera, nkhani n'kutha. Chrissie sanasinthe maganizo. Mpaka lero amati chinthu chimene chili ndi chithunzi cha Mdyerekezi sichingakhale choseweretsa, ndipo akakhala pa rota ya mu naini ankapempha kuti chitini chilowe m'kabati. Koma ubwenzi wake ndi Vailet sunathe, amakwerabe basi imodzi.

A Chisale anabweranso Loweruka lotsatira, akuti kudzaona ngati chigamulo chikutsatidwa. Anabweranso linalo. Mu Malichi madokotala anati Mayi Nilofar akhoza kubwerera kunyumba, ndipo anakakhala kwa Faisal, misewu itatu kuchokera kumene Vailet ankachita lendi. Masewera anasamukira m'khitchini ya kumeneko, mkazi wa Faisal akuphika tiyi wa masala n'kumadandaula za phokoso.

Lachinayi lina mu Meyi, Vailet ali pa basi yobwerera kunyumba, foni yake inalira. Anali Mayi Chisale.

"Vailet, ndifunse. Abambo kuno Loweruka lililonse akuti akukagwirira makhadi gogo wina wodwala dzanja. Kodi dzanjalo silinachirebe?"

Vailet anayang'ana pawindo. Kunama kwa mayi wamkulu sakanatha.

"Linachira, mayi. Amasenda nalo mbatata."

"Ndiye amakagwirira ndani?"

"Amagwira makhadi awoawo, ndiwo achitatu pamasewera. Faisal masiku ambiri amakhala ku ntchito."

Mayi Chisale anatsitsa mawu.

"Amawina?"

"Nthawi zina."

"Zaka makumi atatu ndi zinayi ndili nawo, sanandiwinepo bawo ngakhale kamodzi. Anayi zimatheka?"

"Zimatheka, awiriawiri."

"Loweruka ndibwera nawo. Undiike mbali ya gogoyo."